Goloboyi nayenso amatha mpira

Mu Januwale 2015 ku Zurich, pamene ankalengeza osewera mpira opambana m'chaka cha 2014, goloboyi Manuel Neuer wa ku Germany anakhala wachitatu. Cristiano Ronaldo anatenga mavoti 37.66 pa 100 alionse, Lionel Messi 15.76, Neuer 15.72. Papita zaka, koma nkhaniyi imandiwawabe.

Ronaldo sindikumunyoza ayi. Anamwetsa zigoli 17 mu Champions League ndipo Real Madrid inatenga chikho. Koma 2014 chinali chaka cha chikho cha dziko lonse ku Brazil, kumene Portugal inakwapulidwa 4-0 ndi Germany n'kubwerera kwawo m'ndime yoyamba. Messi anafika m'ndime yomaliza ku Maracanã, koma golo la Neuer sanalione. M'masewero 7, mpira unalowa m'golo la Germany kanayi kokha.

Amene anaonera masewero a Germany ndi Algeria ku Porto Alegre akudziwa chimene ndikunena. Ambiri kuno tinali pambuyo pa Algeria, ndipo anyamatawo anasewera mokhetsa dovu. Otchinga kumbuyo a Germany ankasunthira kutsogolo kwambiri, n'kusiya bwalo lonse lapululu kumbuyo kwawo. Islam Slimani wa Algeria akati athamangire mpira, ankapeza Neuer watuluka kale m'bokosi, wauchotsa ndi phazi kapena ndi mutu. Akanachedwa pang'ono pokha, likanakhala khadi lofiira kapena chigoli. Germany inapulumukira m'nthawi yowonjezera, 2-1. Kuchokera nthawi imeneyo, mphunzitsi akamafuna goloboyi amafunsanso ngati mapazi ake amadziwa mpira.

Vuto lili pa kawerengedwe. Ovota, omwe anali aphunzitsi, makaputeni a matimu a mayiko ndi atolankhani, amakumbukira chigoli chimene chalowa. Chimene chalephereka sichilembedwa paliponse. Maganizowa timakula nawo: ana akamagawana matimu pabwalo la fumbi, amene akuti satha mpira ndiye amamukankhira pagolo. N'chifukwa chake goloboyi amene anapatsidwapo mphotho imeneyi ya Ballon d'Or ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Goloboyi Oliver Kahn, yemwe anasenza Germany mpaka ndime yomaliza mu 2002, nayenso anathera pa nambala yachitatu.

Kutchuka nakonso n'kosadalirika. Mu 2011 Neuer akuchoka ku Schalke kupita ku Bayern Munich, masapota ena a timuyi ananyamula zikwangwani zomukana. Patangotha zaka ziwiri anawathandiza kutenga Champions League, anabwerezanso mu 2020, ndipo anadzavala lamba wa ukaputeni wa timu yomweyo.

Mu 2019 magazini ya France Football inayambitsa mphotho ya magoloboyi okhaokha, ya dzina la Yashin. Ena anaombera m'manja. Ine ndinaona kuti akuwapatula, kuwauza kuti mphotho yaikuluyo asamaiyembekezere. Ndikanakhala ndi voti mu 2014, dzina loyamba papepala langa likanakhala la Neuer.