Nsanja yachitsulo isakudyereni ndalama

Anthu akamva za amateur radio, wayilesi yomwe munthu wamba amalankhulirapo ndi anzake akutali popanda netiweki ya foni, amayamba kuwerengera ndalama za nsanja yachitsulo yonga za TNM ndi Airtel. Kuno ku Bua zimenezo n'zongodzivutitsa. Chotumiza mawu ndi waya woyezedwa bwino, mlongoti umangomunyamula basi.

Kayezedwe kake nkosavuta. Tengani 143, mugawe ndi ma MHz omwe mukufuna kulankhulirapo, yankho lake ndi utali wa waya m'mamita. Pa 7.1 MHz mupeza mamita 20. Dulani waya wakopa pakati, mamita 10 uku, 10 uko, ndipo pakatipo mulumikize kebulo yopita ku wayilesi. Ngakhale kebulo ya TV ya 75 ohms ikuchita, poti eriyo yotere imakhala cha pa 73 ohms. Poyamba dulani motalikitsako pang'ono. Kufupikitsa sikuvuta, koma waya wolumikizalumikiza sachedwa kuchita dzimbiri ndi chinyontho cha kunyanja kuno.

Pakati pa wayayo mukwezeni pansonga ya nsungwi yokhwima kapena bulugamu wa mamita 8 mpaka 10, mbali ziwirizo zitsike ngati denga la nyumba. Kumapeto ikani kachidutswa ka paipi yapulasitiki, kenako chingwe cha nayiloni chomwe asodzi amamangira maukonde. Musadandaule kuti eriyo yatsika. Pa 7 MHz eriyo yotsika imaponya mawu m'mwamba, nkubwerera pansi pa mtunda wa makilomita mazanamazana, ndiye masana Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre mutha kuwapeza. Amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa mu February 2024 akudziwa kufunika kwa njira ina yoitanira thandizo.

Ndalama zanu ziwonongereni pa adani enieni. Mwera ukayamba cha mu May, mlongoti wopanda zingwe zitatu zoukoka sufika August. Tsinde lake lipakeni oyilo wakutha, apo ayi chiswe chikuthandizani kuugwetsa. Khomani chitsulo pansi cholandira mphenzi, komabe mvula ikamagunda zulani kebulo ku wayilesi. Ndipo mlongotiwo uime pamalo poti ukagwa sukhudza mawaya a ESCOM.

Kumvetsera n'kwaulere, koma musanayambe kulankhula katengeni chiphaso ku MACRA. Akupatsani dzina loitanirana loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi pa dziko lonse.