Shakespeare m'Sukulu za Sekondale: Kodi Mphunzitsi Aime Pati?

Chiyambire chaka cha 2015, pamene Boma linayamba kulowetsa silabasi yatsopano m'sukulu za sekondale, aphunzitsi akhala akuuzidwa kuti mwini phunziro ndiye wophunzira: azifunsa, azikambirana ndi anzake, ndi kudzipezera yekha mayankho. Maganizo amenewa sali achilendo ayi, pakuti John Dewey wa ku America anawalongosola kale m'buku lake la mu 1916. Koma funso limene lavuta aphunzitsi a Chingerezi ndi ili: kodi njira yotere ingathandize mwana wa Folomu 3 pamene apatsidwa sewero la Macbeth, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1606?

Nkhaniyi siri yamasewera. Mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse, ndipo mafunso a mabuku otere ali mbali ya mayesowo.

Pali zolakwa ziwiri zimene tiyenera kuzipewa. Choyamba ndi cha mphunzitsi amene, poona kuti Chingerezi cha zaka 400 zapitazo chiri chouma, angolembetsa ana manotsi kuti aloweze. Ana otere adziwa maina a Duncan, Banquo ndi Macduff, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono asowa pogwira. Chachiwiri ndi cha mphunzitsi amene ayesa kuti njira yatsopanoyi ndi kugawa ana m'magulu, iye n'kukakhala pa mpando. Ana asanu ndi atatu ozungulira buku limodzi, limene palibe mwa iwo alimva, sali kuphunzira kanthu. Ali kungogawana umbuli.

Ife tiganiza kuti ntchito ya mphunzitsi sinachepe, koma yakula. Iye ayambe watsegula chitseko: afotokoze nkhani yonse mwachidule, amasulire mawu ovuta, ndipo awerenge mokweza ndime zina kuti ana amve kukoma kwake. Atatero, awasiyire ana zimene angathe okha. Seweroli linalembedwa kuti lichitidwe pamaso pa anthu, choncho aimirire ndi kulichita. Pambuyo pake akhazikitse bwalo la milandu m'kalasi momwemo. Macbeth anapha mfumu Duncan, amene anali mbale wake ndiponso mlendo wogona m'nyumba mwake. Kodi mlandu uli pa yani: pa mfiti zitatu zimene zinalosera ufumu wake, pa mkazi wake amene anamsonkhezera, kapena pa mtima wake wokhumba mpando? Mwana wa m'dziko muno, amene anamvapo mikangano ya ufumu kumudzi kwao, sadzasowa chonena. Mphunzitsi angoumirira chinthu chimodzi, kuti aliyense woyankhula aloze m'buku pamene pali umboni wake. Pamenepo mwana awerenga chifukwa afuna kupambana mlandu, osati chifukwa aopa mayeso.

Alipo ena amene amati tsobola wakale sawawa, ndipo kuti mabuku a ku Mangalande alibe gawo pa ana athu. Awa akumbukire kuti Julius Nyerere wa ku Tanganyika anamasulira sewero la Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, ndi kuti Welcome Msomi wa ku South Africa anasandutsa Macbeth kukhala sewero la Chizulu lotchedwa uMabatha mu 1970. Anthu amenewa sanagwadire Shakespeare. Anamtenga namgwiritsa ntchito. Ana athunso atero, ndipo mabuku a alembi a kuno kwathu akhale pambali pake, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsono mawu athu apite kwa akuluakulu a m'maofesi. Njira imeneyi siingayende popanda mabuku okwanira, makamaka m'sukulu zoyendera za kumidzi. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi oyendera sukulu asangonena kuti ana akambirane, koma aonetse aphunzitsi kachitidwe kake. Ndipo a MANEB adziwe kuti mphunzitsi aphunzitsa monga momwe mayeso afunsira: mafunso akafuna kuloweza, ana adzaloweza, akafuna kuti mwana aweruze ndi kupereka umboni, m'kalasi mudzasintha.

Boma lalozera njira yabwino. Chatsala ndi chakuti mphunzitsi asathawe m'kalasi, ndiponso asalankhule yekha.