Voti ilondedwa ndi eni ake

Acinyamata akamapempha kuti anthu a maiko akunja adzayang'anire masankho, ife tigwirizana nao. Koma tisaiwale za 2001. A European Union ndi a Carter Center anakayikira zotsatira, komabe a Levy Mwanawasa analumbiritsidwa, ndipo mlandu unatha m'khoti mu 2005. Alendo amalemba lipoti n'kubwerera kwao.

Mu 2021, bungwe la machalichi la CCMG linatuma anthu athu kukaonerera kuwerenga kwa mavoti. Njira ndi yomweyo. Inu akhristu a ku Bwacha ndi Makululu, ndi alimi ozungulira Kabwe, limbikitsani ana anu aphunzire nchitoyi, abvomerezedwe ndi ECZ, ndipo asacoke pamalo ovotera mavoti asanathe kuwerengedwa. Anyani amaingitsa ndi mwini munda.