ZIMBABWE: Misewu yafumbi ya ku Midlands ili pakati pa njinga ndi mathiraki a migodi

GWERU – Munthu akachoka mumzinda wa Gweru kulowera kum'mwera chakum'mawa, pakatha makilomita oposa 30 pang'ono amafika ku Shurugwi, tauni yomwe inamangidwa m'mapiri chifukwa cha golide ndi chrome. Kuseri kwa tauniyo msewu wa phula umatsetsereka mokhotakhota pa Boterekwa, ndipo kumunsi kwake misewu yafumbi imayamba kupatuka uku ndi uku, ina kulowera kumidzi, ina kumigodi ing'onoing'ono, ina kusukulu ndi kuzipatala za mishoni. M'mamawa, dzuwa lisanaswe mtengo, oyamba kudinda mapazi ndi matayala m'misewuyi ndi ana asukulu, amayi opita ndi masamba kumsika ndi abambo opalasa njinga. Dzuwa likakwera, msewu umasintha mwini.

Misewu ya mtunduwu ndi yomwe masiku ano anthu okonda masewero a njinga m'mayiko olemera akuisakasaka. Mpikisano wa Unbound Gravel, womwe umachitikira ku Emporia m'dera la Kansas ku America, unayamba m'chaka cha 2006 ndi anthu 34 okha. Lero umakopa anthu zikwizikwi opalasa mtunda wa makilomita pafupifupi 320 m'misewu ya miyala. Bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano wake woyamba wa akatswiri a m'misewu yafumbi m'chaka cha 2022 ku Veneto m'dziko la Italy. Ku Africa kuno, dziko la Kenya lakhala likuchititsa mpikisano wa Migration Gravel Race m'dera la Maasai Mara kuyambira 2021. Chomwe chikuwathamangitsa anthuwa kuchoka pa phula n'chodziwika: akuthawa magalimoto. Akufuna msewu wabata, womwe munthu angapalase tsiku lonse osamva hutala kumbuyo kwake.

Poyang'ana pa mapu, chigawo cha Midlands chikuoneka ngati malo oyenera masewero otere. Mtandadza wa mapiri wa Great Dyke, wotalika makilomita pafupifupi 550, umadutsa pakati pa chigawochi, ndipo nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imakhala youma ndi yopanda kutentha koopsa. Mwa misewu yonse ya dziko la Zimbabwe, yomwe kutalika kwake kumaposa makilomita 80,000, ya phula siifika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma mapu sasonyeza yemwe akuyenda mumsewu, ndipo sanena chifukwa chomwe msewu wina uli zii pamene wina uli pikitipikiti.

Pali kusiyana kwa mawu komwe kukuvumbula zambiri. Mngelezi amautchula msewuwu ndi dzina la miyala yomwe anathirapo, pamene ife timautchula ndi dzina la chomwe timapuma tikamayendamo: msewu wafumbi. Woyamba akuuona ndi maso a womanga kapena a wosewera, wachiwiri akuumva m'mphuno ndi m'chifuwa. Njinganso n'zosiyana. Ya mpikisano n'njopepuka moti munthu amaitukula ndi dzanja limodzi, ili ndi magiya ambiri, ndipo mtengo wake ungagule njinga khumi kapena kuposerapo za wamba. Ya kumudzi ku Mberengwa kapena ku Chirumhanzu n'njachitsulo, yopanda magiya, ndipo ulemerero wake uli pa kaliyala: thumba la chimanga lopita kuchigayo, zigubu za madzi, nkhuni, kapena wodwala yemwe akum'thamangitsira kuchipatala.

Kwa mabanja ambiri a m'matauni a migodiwa, njinga ili ndi mbiri yofika kutali, ndipo mbiriyo imalankhula Chichewa. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete ankayenda pansi kwa milungu, kuwoloka Zambezi, kukafuna ntchito kumgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, wa chrome ku Shurugwi, womwe nthawi imeneyo unkatchedwa Selukwe, ndi wa asibesitosi wa Shabanie ku Zvishavane. Katswiri wa mbiri Charles van Onselen anafotokoza za moyo wa m'makomboni a migodi ya dzikolo m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro. Pambuyo pake boma la atsamunda linaika malole onyamula anthu ofuna ntchito popanda kulipira, omwe anthu anangowapatsa dzina loti Ulere, kenaka kunabwera bungwe lolemba anthu ntchito lomwe kumudzi ankaliti Mthandizi. Wobwerera kwawo ndi njinga yatsopano, makina osokera ndi jekete ankaoneka kuti ulendo wamuyanja. Yemwe sanabwerere ankatchedwa mtchona, ndipo adzukulu ake ndi omwe lero akupezeka ku Maglas ndi ku Mandava m'tauni ya Zvishavane, ku Torwood m'tauni ya Redcliff ndi ku Amaveni mumzinda wa Kwekwe, komwe gule wamkulu amavinidwabe.

Anthu amenewa ndi omwe anavulala kwambiri migodi ndi mafakitale akuluakulu atagwa. Kampani ya zitsulo ya Ziscosteel ku Redcliff inasiya kupanga chitsulo m'chaka cha 2008. Mgodi wa Shabanie, womwe boma linaulanda m'manja mwa Mutumwa Mawere m'chaka cha 2004, unafota m'zaka zochepa zotsatira. Wantchito wa Chishona kapena Chindebele anali ndi mudzi wobwererako, koma mdzukulu wa mtchona analibe munda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo opanda chiphaso kufikira pamene malamulo aakulu a dziko a 2013 anayamba kukonza zinthu. Mabasi a kampani ataima, njinga ndi yomwe inatsala yoyendera pakati pa Redcliff ndi Kwekwe, kapena yopitira kuminda yobwereka kunja kwa tauni. Choncho bata lomwe mlendo angalipeze m'misewu ina yozungulira matauniwa si mphatso ya chilengedwe ayi. Ndi bata la pakhomo pomwe ntchito inatha.

Komwe ntchito yabwerera, bata lathanso. Mgodi wa pulatinamu wa Unki pafupi ndi Shurugwi, womwe mwini wake ndi kampani ya Valterra Platinum, yomwe mpaka 2025 inkadziwika kuti Anglo American Platinum, ndi wa Mimosa pafupi ndi Zvishavane, ali ndi misewu yawo yosamalidwa bwino. Vuto lili ndi migodi ing'onoing'ono yambirimbiri ya chrome ndi golide yomwe yamwazikana m'mbali mwa Great Dyke. Miyala yake imanyamulidwa ndi mathiraki kudzera m'misewu ya makhonsolo a kumudzi, monga ya Tongogara ku Shurugwi, Runde ku Zvishavane ndi Zibagwe ku Kwekwe, kupita kung'anjo zosungunulira ku Gweru ndi ku Kwekwe. Ku Mberengwa, kutulukiridwa kwa lithium m'dera la Sandawana kunadzetsa chipwirikiti cha okumba ndi ogula m'chaka cha 2022, ndipo m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayengedwa. Pafupi ndi Mvuma, fakitale ya zitsulo ya Manhize, ya kampani ya Dinson yomwe ili pansi pa Tsingshan ya ku China, inayamba kusungunula chitsulo m'chaka cha 2024, ndipo malasha ake amachokera kutali ku Hwange.

Kale katundu wolemera chonchi unali wa panjanji. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya sitima ya National Railways of Zimbabwe inkanyamula matani pafupifupi 18 miliyoni pachaka, ndipo pa Dabuka, kunja kwa Gweru, panali poyambira njanji ya magetsi yopita ku Harare yomwe inatsegulidwa mu 1983. Mawaya a njanjiyo anabedwa kalekale, ndipo m'zaka zaposachedwapa katundu wa kampaniyo wakhala akuzungulira pa matani 3 miliyoni kapena kutsikirapo. Matani omwe anachoka panjanjiwo sanasowe, anasamukira pamsewu.

Akatswiri a misewu ali ndi kawerengedwe kawo ka chiwonongeko. Kafukufuku yemwe anachitika ku Illinois m'dziko la America pakati pa 1958 ndi 1960 anapeza kuti kulemera kwa katundu pa ekisero imodzi kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka mowirikiza pafupifupi ka 16. Kafukufukuyo anali wa misewu ya phula ndi ya simenti. Msewu wafumbi, makamaka wonyowa, n'ngosachedwa kugonja kuposa pamenepo. M'chilimwe matayala amaulutsa dothi losalala lomwe limamanga miyala pamodzi, ndipo pamwamba pa msewu pamachita timizere tangati malata, tomwe timamasula masipoko ndi kuthyola kaliyala. Mvula ikagwa, thiraki lodzaza limakumba ngalande ziwiri zakuya pomwe madzi amakhazikika. Njinga siwononga msewu ngakhale pang'ono, koma wapanjinga ndiye woyamba kulipira: kutsika n'kukankha, kumeza fumbi, kapena kugwera m'tchire pothawa thiraki pa msewu wopanda m'mbali.

Kuli mantha enanso. M'zaka za 2019 ndi 2020 magulu a anyamata onyamula zikwanje, omwe anthu anawapatsa dzina loti maShurugwi, anazunza okumba golide ndi anthu wamba m'madera ambiri a dzikolo. Nthaka nayo yabooledwa pansi. M'mwezi wa Malichi 2023 chipinda chophunziriramo pa sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix ku Kwekwe chinatitimira m'dzenje la okumba golide mozemba, ndipo ana angapo anavulala. Mapiri a Boterekwa, omwe kale ankaimitsa alendo kuti ajambule zithunzi, aguguda ndi makina okumbira. Woganiza zokonza mpikisano wa njinga m'derali ayenera kuyamba waziwerengera zonsezi, ndipo kholo lomwe limatumiza mwana wamkazi kusukulu pa mtunda wa makilomita khumi limaziwerengera m'mawa uliwonse.

Kuti njinga imasintha moyo wa mwana wotere si nkhambakamwa. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, limalumikiza njinga zake za Buffalo m'mayiko angapo kuphatikizapo Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Kaliyala wa njingazi anapangidwa kuti azinyamula makilogalamu 100. Kafukufuku yemwe bungwe la Innovations for Poverty Action linathandiza kuchita m'masukulu 100 a kum'mwera kwa Zambia m'zaka za 2017 ndi 2018 anapeza kuti atsikana omwe analandira njinga anachepetsa kujomba ndi 28 peresenti, ndipo nthawi ya paulendo inatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma phindu limeneli limadalira msewu wopalasika. Kugawa njinga m'dera lomwe msewu wake walimidwa ndi mathiraki kuli ngati kupatsa munthu bwato pa mtsinje wouma.

Nanga wokonza ndani? Ndalama za misewu zimatoleredwa ndi bungwe la ZINARA kudzera m'mageti olipiritsa ndi ziphaso za magalimoto, kenaka n'kugawidwa kumakhonsolo, omwe kwa zaka zambiri akhala akudandaula kuti gawo lawo n'lochepa ndipo limafika mochedwa. M'mwezi wa Febuluwale 2021 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti misewu ya dzikolo ili pangozi, ndipo ntchito yokonza mwachangu inayamba, koma maso a boma akhala kwambiri pa misewu ikuluikulu, monga wa Harare–Beitbridge womwe umadutsa pa Mvuma. Gawo 301 la malamulo aakulu a dziko limalamula kuti ndalama zosachepera 5 peresenti za boma zizipita kuzigawo ndi kumakhonsolo. Panalinso matumba a chitukuko omwe migodi ikuluikulu inakhazikitsa pansi pa lamulo lopatsa mphamvu eni nthaka: kampani ya Unki inalonjeza madola a America 10 miliyoni kuthumba la anthu a ku Tongogara m'chaka cha 2011. Lamulolo litafewetsedwa mu 2018, mphamvu yokakamiza makampani kuthira ndalama m'matumbawa inachepa. Ndipo thiraki la wogula chrome wa apa ndi apo, lomwe limadutsa usiku, silinasayinepo pangano ndi khonsolo iliyonse.

M'maganizo a mlembi uno, masewero a njinga m'misewu yafumbi angathe kufika ku Midlands, ndipo sikungakhale kulakwa. Anyamata omwe amakwera Boterekwa pa njinga yopanda magiya atanyamula katundu ali ndi mphamvu yomwe aphunzitsi a masewerowa amaifuna, monga zaonekera ku Kenya, Uganda ndi Rwanda, komwe timu ya Team Amani yatulutsa opalasa opikisana kunja. Malo ogona ku Gweru ndi ku Zvishavane angapezepo kangachepe. Koma mpikisano ndi wa tsiku limodzi kapena sabata imodzi, ndipo okonza ake angathe kupempha apolisi kuti atseke msewu, mwayi womwe mayi wa tomato alibe. Njira zomwe zingathandize onse n'zodziwika kale kwa akatswiri a makhonsolo: kupatula misewu yoti mathiraki a miyala azidutsamo ndi ina yoletsedwa kwa iwo, kuika malire a kulemera m'nyengo ya mvula, ndi kulemba m'chiphaso cha mgodi udindo wothira miyala ndi kupaza msewu womwe mgodiwo ukugwiritsa ntchito. Bilu yatsopano ya migodi, yoti ilowe m'malo mwa lamulo la 1961, inasindikizidwa m'gazeti ya boma m'chaka cha 2025, ndipo pamenepo m'pamene makhonsolo a Tongogara, Runde, Mberengwa ndi Zibagwe ayenera kukankhira mawu awo.

Kalendala ya msewu wafumbi siidikira nyumba ya malamulo. Gileda imagwira bwino ntchito mvula itangotha, dothi likadali ndi chinyontho, cha mu Epulo ndi Meyi. Khonsolo yomwe ndalama zake zafika mu Seputembala imangopala fumbi, ndipo mvula ya Novembala imabwezera timizere ndi ngalande zonse m'malo mwake, mitsinje ya Runde ndi Ngezi isanayambe n'komwe kusefukira pa timilatho tam'munsi.