Mtsikana amayamba kusiya sukulu ali mu Sitandade 2

Asisi, tiuzane zoona. Mtsikana akasiya sukulu mu Sitandade 6, aliyense amathamangira kunena za mimba ndi ukwati. Inde zimenezo zilipo, n'chifukwa chake tinakondwera mu 2017 malamulo aakulu a dziko atasinthidwa kuti wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Koma ndani anafunsapo ngati mtsikanayo amatha kuwerenga?

Chichewatu sichivuta: mmene umanenera ndi mmene umalembera. Mwana akagwira a, e, i, o, u, n'kudziwa liwu la lembo lililonse, amaphatikiza yekha: m ndi a, ma, n ndi o, no, mano. Koma kuti zitheke, mphunzitsi ayenera kumva mwana aliyense akuwerenga payekha. Nanga m'kalasi la ana oposa 100, okhala pansi, olimbirana buku, zingatheke? Madamu amaloza pa bolodi, kalasi lonse n'kumayimba "ba be bi bo bu". Mwana waloweza nyimbo, osati malembo. Mupatseni choko alembe "ng'ombe", angoti duu.

Ndiye amabwereza Sitandade 2, kenako 3. Pofika Sitandade 5, pomwe maphunziro ali m'Chingerezi, ndi namwali kale, tiana ta m'kalasi tikumuseka. Kunyumba ati mutu wake ndi wouma, bola angokwatiwa. Mlongo wake nayenso sawerenga bwino, koma iyeyo palibe akumusakira banja, ndipo madzulo satumidwa kumjigo.

Boma lisatinamize ndi kuchuluka kwa ana olembetsa. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, koma kulowa m'kalasi si kuphunzira. National Reading Programme ya 2016 inadalira ndalama za USAID, yomwe boma la America linaitseka mu 2025. Eti mabuku a ana athu azidikira chifundo cha alendo mpaka liti?

Ndipo tisamve wina akunyoza amadamu a makalasi oyambirira, kapena mayi amene naye sanapite patali ndi sukulu. Tikufuna makalasi a Sitandade 1 ndi 2 agawidwe, aphunzitsi amene anamaliza maphunziro koma angokhala alembedwe ntchito, mwana aliyense akhale ndi buku lopita nalo kunyumba. Aphungu ndi makhansala atiuze ndalama za CDF zamanga makalasi angati.

Ifenso tili ndi gawo. Lero lomwe, itanani mng'ono wanu kapena mwana wa aneba, mulembereni mawu asanu omwe sanawaonepo m'buku lake, awerenge. Akakanika musamukalipire. Khalani naye pansi, muyambire pa "a". Kenako tikakumane ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, tili ndi mafunso.