Golide anakana, pakamera paki

Mmalawi wa ku Joni akatsika minibasi pamsewu wa Jan Smuts Avenue n'kulunjika ku Zoo Lake, dzanja limathamangira lokha m'thumba. Johannesburg anamuzoloweretsa kuti paliponse pokongola pali wokhometsa. Koma pano palibe womufunsa tikiti. Amangodutsa pansi pa mitengo n'kupezeka ali pakapinga.

Lamulungu masana malowa amachita kusefukira. Ana amalimbirana akatungwe, ndipo kamtsikana kena kagwira unyolo mwamphamvu, miyendo ili m'mwamba, kakukalipira mlongo wake kuti akankhe kwambiri pomwe nkhope yake ikuonetsa kuti mantha afika kale pakhosi. Chapatali anyamata akudumphirana pabwalo la basketball, ndipo ena aika nsapato ziwiri pakapinga kuti zikhale magolo, monga achitira ana a ku Ndirande kapena ku Kawale. Othamanga ndi okankha ngolo za makanda amazungulira kanjira kotsata gombe la nyanja ya m'pakiyi, utsi wa nyama yowotcha ukuwatsatira.

Eni malo enieni ndi atsekwe. Mwana akangoyerekeza kutulutsa buledi, amamuzinga makosi ali tolotolo, ndipo akachedwa kunyema amamulanda m'manja momwemo. Ndowe zawo zili ponseponse, choncho wanzeru amayamba wayang'ana pansi asanayale chitenje.

Chodabwitsa n'chakuti malowa sanagulidwe kuti ana azisewerapo. Golide atapezeka mu 1886, Hermann Eckstein, mkulu wa zamigodi wochokera ku Germany, anagula mbali ina ya famu ya Braamfontein poyembekezera kuti pansi pake pali chuma. Sanachipeze. Mmalo mwake padadzalidwa mitengo pafupifupi 3 miliyoni, nkhalangoyo n'kutchedwa Sachsenwald, dzina lomwe linadzasanduka Saxonwold. Mitengoyo inali ya mizati yochirikizira denga la migodi kuti lisagwere anthu, migodi yomwe ija inadzameza agogo athu ambiri opita pa Wenela.

Eckstein anamwalira mu 1893. Patatha zaka khumi, anzake a bizinesi a kampani ya Wernher, Beit & Co. anapereka maekala 200 a malowa ku khonsolo ya tauni kuti akhale paki yomukumbukira, ndipo mphatsoyo inasainidwa mu 1904. Mbali ina inakhala malo osungirako nyama, Johannesburg Zoo, tsidya lina la msewu. Mbali inayo, yomwe inali yachidambo, anaikumba n'kukhala nyanja pofika mu 1908.

M'chikalata cha mphatsoyo munali mfundo imodzi yomwe ndiyo ikuchititsa wolemba ndemangayi kuitenga paki imeneyi ngati yosiyana ndi ena: malowa akhale a anthu a mitundu yonse. Boma la tsankho litakhazikitsa lamulo la 1953 logawa mabenchi, zimbudzi, magombe ndi mapaki potengera khungu, Zoo Lake inakhalabe yotsegukira aliyense. Lamulolo linathetsedwa mu 1990, koma zaka zonsezo mayi wachikuda wogwira ntchito m'nyumba za ku Parkview ankatha kukhala pakapinga pomwepo tsiku lake lopuma, mabwana ake ali chapafupi. Sikuti tsankho linkathera pampanda wa paki, ayi. Madzulo mayiyo ankabwerera kukachipinda kake kuseri kwa nyumba, pasi ili m'chikwama. Komabe mumzinda momwe pafupifupi benchi iliyonse inali ndi mtundu wake, maola ochepawo sanali chinthu chaching'ono.

Masiku ano chimene chimasankha anthu ndi ndalama, ndipo apanso pakiyi imathandiza. Ambiri mwa abale athu osamalira maluwa, ophika ndi olonda m'madera olemera ozungulira malowa amagona m'chipinda chimodzi, momwe mwana sangathamange masitepe atatu osagunda bedi. Kumamolo mwanayo amaloza chilichonse, bambo n'kumangomeza malovu. Kuno mpunga wophikira kunyumba ndi botolo la madzi zimakwanira tsiku lonse. (Izi n'zofunika kuzikumbukira kwathu ku Malawi, komwe bwalo la mpira la m'dera limatha kugona lili bwalo, kutacha lili ndi zikhomo za maploti.)

Zolipira zilipo kwa wozifuna. Pali dziwe losambiramo ndi maboti obwereketsa. Pamabotipo ndiye pali nthabwala. Mwamuna wokulira ku Nkhotakota, amene anapalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lake, amakwera monyadira kuti aonetse mkazi ndi ana luso. Amapeza kuti pano nkhafi ndi ziwiri, zomangirira m'mbali, ndipo wopalasa amakhala chofulatira komwe akupita. Boti limayamba kuzungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, ana ali gwaa ndi phwete, mayi agwira m'mbali akuti: "Bambo a mwana, tabwererani kumtunda, taona kale!" Pakatha mphindi zingapo dzanja limagwira, boti n'kulunjika kufupi ndi kachilumba komwe mbalame zimaswerana.

Pakati pa nyanjayo pali kasupe wothovola madzi m'mwamba, amene anamangidwa mu 1937 pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa George VI wa ku Britain. Mu 1956, mzindawu ukukwanitsa zaka 70, katswiri wovina Margot Fonteyn anavina gule wa Swan Lake pomwepa, madzi ali kumbuyo kwake. Ojambula zithunzi nawo amabwera kudzayala ntchito zawo panja pansi pa dzina la Artists Under the Sun, ndipo kuonako n'kwaulere.

Dzuwa likapendeka, maboti amabwerera kugombe n'kumangidwa. Amayi amakutumula zitenje, anyamata aja amavala magolo awo, ndipo kamtsikana ka pakatungwe kamachita kunyamulidwa kakulira kuti sikanathe. Banjalo limakwera kamtunda kubwerera ku Jan Smuts Avenue, bambo akuwerenga ndalama zachitsulo za minibasi.