Pakhonde pa Namwino: Kokani sofa muone kuseri kwake

Masiku ayamba kufupika, ndipo posachedwa tonse tikhala titadzitsekera m'nyumba ngati nkhuku m'khola. Choncho mwezi uno ndati tikambirane za pabalaza, malo omwe banja lonse lidzaunjikane mpaka dzuwa litabwerera.

Tonse tinakula tikudziwa kuti pabalaza ndi pa alendo. Kaya ndi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chipata, mipando yabwino imavala tinsalu toluka, mbale zagalasi zimakhala mu disipuleyi kudikira Khirisimasi kapena abusa, maluwa apulasitiki ali patebulo, chithunzi cha ukwati chili pakhoma. Pamakhala poyera chifukwa anthu sakhalitsapo. Ana amasewera pabwalo, amayi amaphika kuseri, abambo amacheza pansi pa mtengo wa mango, ndipo chitseko ndi mazenera zimakhala zotsegula tsiku lonse.

Kuno ku Mangalande khonde kulibe. Mu Disembala mdima umagwa 4 koloko isanakwane, ndipo chipinda chimodzi chomwecho ndi modyera, molembera homuweki, mokwawira khanda, mwinanso mogona mlamu amene wangofika kumene. Komabe ambiri timakonza pabalaza poganizira anthu amene amabwera kawiri kapena katatu pachaka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene amapuma mpweya wa m'chipindamo usana ndi usiku ndi inu ndi ana anu, ndiye tiyambe kuganizira iwowo.

Tiyambe ndi sofa, poti ndiye mfumu ya pabalaza. Timakonda yaikulu, ya pakona, yoti anthu onse a kumapemphero akwanepo. Poti chipinda ndi chaching'ono, timaikankhira mpaka igunde khoma, nthawi zambiri khoma loyang'ana panja lomwe lili ndi zenera. Pambali pake timasanja makatoni a katundu wodikira kontena yopita kumudzi. Apa ndi pamene vuto limayambira. Mpweya wofunda wa m'nyumba umanyamula chinyezi chochokera mu mpweya womwe timapuma, m'mapoto a nyemba ndi m'zovala zonyowa. Ukakhudza khoma lozizira, chinyezicho chimasanduka timadontho, monga momwe botolo la Fanta lozizira limachitira thukuta. Nyumba zambiri zogundizana zomwe timachita lendi ndi zakale, zina zapitirira zaka 100, ndipo makoma ake amazizira kwambiri. Kuseri kwa sofa mphepo siyenda, khoma siliuma, ndipo pakangotha milungu ingapo pamamera chuku chakuda. Kutsogolo kuli makhushoni okongola, kuseri kuli matenda. Ndi chikomekome cha mkuyu chija, mkati muli nyerere.

Chuku chimatulutsa tinjere tosaoneka ndi maso tomwe timauluka m'chipinda n'kulowa m'mapapo. Chimayambitsa kapena kukulitsa mphumu, chifuwa chosatherapo, kutsekeka kwa mphuno ndi kuyabwa kwa khungu. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi makanda, okalamba, amayi oyembekezera ndi onse omwe chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa. Ife anamwino tikamva kuti mwana amatsokomola usiku uliwonse koma akapita kukagona kwa azakhali ake amapezako bwino, funso lathu loyamba limakhala la nyumba.

Nkhaniyi si yocheza. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale, ndipo mu Novembala 2022 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti chinamupha ndi chuku chomwe anakhala akupuma m'nyumba ya lendi. Makolo ake, omwe anachokera ku Sudan, anali atadandaula kangapo koma osathandizidwa. Imfayi inabala lamulo lotchedwa Awaab's Law, lomwe linayamba kugwira ntchito ku England pa 27 Okutobala 2025. Ngati mukukhala m'nyumba ya khonsolo kapena ya housing association, eni nyumba ayenera kubwera kudzafufuza chuku choopsa pasanathe masiku 10 ogwira ntchito chiwauzireni. Ngati ndi ya landilodi wamba, mulembereni, jambulani zithunzi, sungani zonse, ndipo akamazengereza pitani ku khonsolo ya dera lanu. Denga lodontha kapena paipi yoboola si mlandu wanu, ndipo musalole kuuzidwa kuti vuto ndi kaphikidwe kathu. Ambiri timangokhala chete poopa kutulutsidwa m'nyumba kapena kusokoneza mapepala, koma kudandaula za chinyezi ndi ufulu wa aliyense wolipira lendi.

Mbali yathu ndi iyi. Ngati n'kotheka, sofa ndi makabati zitsamire khoma la mkati, logawa zipinda. Zikakanika, siyani mpata woti dzanja lilowe bwinobwino pakati pa sofa ndi khoma. Makatoni a kumudzi asakhudze khoma la panja, chifukwa katoni imamwa chinyezi, ndipo zovala zomwe mwagulira amayi zidzafika zikununkha. Radiator isatsekedwe ndi mpando. Mukatero mukulipira gasi kuti mufunditse msana wa sofa. Makatani aatali ofika pansi ndi okongola, koma akaphimba radiator kutentha konse kumathawira kuzenera. A zaumoyo kuno amalangiza kuti chipinda chomwe mumakhalamo chisatsike madigiri 18. Tiboo tija tili pamwamba pa zenera musatimate ndi tepi, ntchito yake ndi kutulutsa chinyezi, ndipo m'mawa uliwonse tsegulani zenera kwa mphindi zochepa ngakhale kukuzizira. Zovala zochapa yanikani kubafa mutatseka chitseko n'kuyatsa fani, chifukwa madzi onse a m'zovalazo akauma amathera m'makoma a pabalaza.

Za mbaula ndinene mosapsatira. Bilu ya gasi ikule bwanji, makala kapena chootchera nyama zisalowe m'nyumba. Utsi wa carbon monoxide suoneka, sununkha, ndipo m'nyumba zotsekeka ngati za kuno umapha banja lonse lili m'tulo. Kuyambira Okutobala 2022 malamulo a ku England amakakamiza eni nyumba kuika alamu ya utsi umenewu m'chipinda chilichonse chokhalamo anthu chomwe muli boiler kapena moto wa gasi. Ngati pabalaza panu pali moto wa gasi koma alamu palibe, itanitsani.

Mukamaliza kusuntha mipando, gwadani pansi muone chipindacho ndi maso a mwana wokwawa. Disipuleyi, shelefu ya mabuku ndi TV yaikulu zimangiriridwe kukhoma, chifukwa mwana amakoka dirowa n'kukwerapo ngati makwerero. Zingwe za mabulaindi a pazenera zikulungidwe pamwamba pomwe sangafike. Zogulitsidwa kuyambira 2014 zimabwera ndi zotetezera, koma nyumba zambiri za lendi zikadali ndi zakale zomwe zingathe kukola khosi la mwana. Kuseri kwa TV nakonso yang'ananiko. Ekisitenshoni imodzi imanyamula ma amp 13 basi, omwe ndi pafupifupi mawati 3,000, pamene hita imodzi yokha imatha kudya 2,000. Hita ilowe pa soketi yake ya pakhoma.

Kwa inu amayi ndi abambo ogwira ntchito za usiku, kaya m'chipatala, kosamalira okalamba kapena mu warehouse, pali chinthu china chomwe ndimachiopa kuposa zonsezi. Munthu wafika m'mawa ali wotopa, wanyamula khanda, wakhala pa sofa kuti aliyamwitse kapena kulitonthoza, tulo tamuba. Bungwe la Lullaby Trust limachenjeza kuti kugona ndi khanda pa sofa kapena pampando kumachulukitsa ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda mpaka ka 50. Mwana amatha kutsetsereka n'kupanikizika pakati pa thupi lanu ndi khushoni. Choncho pokonza pabalaza, pezani malo a kabedi ka mwana pafupi ndi pomwe mumakhala, kutali ndi radiator, kuti maso akayamba kulemera mumugoneke chagada m'menemo.

Agogo akabwera kudzathandiza kulera, muwaganizirenso. Sofa zofewa zotsika kwambiri zimavuta kudzukapo kwa munthu wa mawondo opweteka, ndiye pakhale mpando umodzi wolimba wokhala ndi pogwira. Tikalapeti totereka tichotsedwe, njira yochokera pakhomo kupita kukhitchini ikhale yopanda zopunthwitsa.

Mwina wina akuti, "Nanga anamwino, kukongoletsako kuli pati?" Kulipo, ndipo sikulira ndalama zambiri. Chitenje chimodzi chabwino chikakungidwa pa felemu ya matabwa chimadzaza khoma lonse, chotsala mungasokere makhushoni. Malichero atatu osiyana kukula atapachikidwa pamodzi amaposa zithunzi zogula. Dengu la kwathu limasunga zidole za ana, ndipo mphasa yopinda imakhazika anthu ambiri tsiku la mapemphero kuposa sofa ya ngongole, mawa lake n'kuibweza kuseri kwa chitseko. Galasi loyang'anizana ndi zenera limawalitsa chipinda, nyali ya pakona imachotsa mdima wa madzulo. Musanakhome msomali kapena kupaka penti, pemphani chilolezo cha landilodi cholembedwa, kuopa kudzataya dipoziti yomwe ku England imafika lendi ya milungu 5.

Inu ana asukulu ndi mabanja ongofika kumene, musachite manyazi kugula mipando yogwiritsidwapo kale ntchito m'mashopu a zachifundo monga a British Heart Foundation. Ingotukulani khushoni muone ngati pali kansalu kosokereredwa kosonyeza kuti sofayo inapangidwa motsatira malamulo oteteza moto a 1988. Yopanda kansaluko, kapena yotola pamsewu, isiyeni pomwepo. Mvula ndi nsikidzi zinayamba kale kukhalapo.

Ntchito ya Loweruka lino ndi imodzi. Abambo gwirani mbali iyi, amayi mbali inayo, kokani sofa, yatsani tochi ya pafoni muunike khoma kuyambira pansi mpaka pazenera. Mukapeza madontho akuda ochepa, valani magolovesi, tsegulani zenera, pukutani ndi mankhwala ochotsera chuku ana ali kunja kwa chipinda. Akakhala ambiri kapena akamabwereranso, jambulani ndipo kalata ipite kwa eni nyumba Lolemba. Mwana akamatsokomola kopitirira milungu itatu kapena akamapuma movutikira, kaonaneni ndi GP ndipo mukamuuze za khomalo.

Tsalani bwino, tikumananso mwezi wamawa.